Mlonda Timasintha, Nanga Nkhokwe Adzamata Ndani?

Pa 3 Febuluwale 2020, kuyambira m'mawa kufikira mdima utagwa, anthu a dziko lino, wamalonda pa benchi lake, mlimi amene anaweruka msanga kumunda, mphunzitsi pamodzi ndi ana ake a sukulu, anakhala atatchera khutu ku wailesi monga achitira anthu odikira uthenga wa mbale wodwalira kutali. Pakuti ku Lilongwe oweruza asanu, a Healey Potani, a Ivy Kamanga, a Dingiswayo Madise, a Redson Kapindu ndi a Mike Tembo, amene anafika pa bwalo la milandu ataperekezedwa ndi asilikali, anali kuwerenga chigamulo cha mlandu wa chisankho cha pulezidenti cha pa 21 Meyi 2019. Pamene anafika pa mawu otsiriza, nalamula kuti chisankhocho, chimene mapepala ake ambiri anafufutidwa ndi utoto woyera wa Tipp-Ex, chithetsedwe ndi kuti anthu akavotenso, m'misewu munamveka nthungululu, ndipo mbiri inawanda kutali, popeza m'Africa muno, kupatula dziko la Kenya mu 2017, panalibe kwina kumene bwalo la milandu linalimba mtima chotere pamaso pa mtsogoleri wokhala pampando.

Koma munthu yemweyo amene analulutira usiku umenewo, kutacha anapeza kuti mtengo wa thumba la feteleza sunamve za chigamulocho, kuti ku chipatala cha kwawo angomlembera dzina la mankhwala m'kabuku namuuza kuti akagule yekha, ndi kuti mlatho umene unakokoloka dzinja lapitalo ukali chigonere m'khwawa. Pamenepa ndi pamene pagona mtsutso umene umamveka pa maliro, m'minibasi ndi pa bawo. Ena amati Malawi ndi nyali ya demokalase, dziko limene silinaonepo asilikali akulanda boma, dziko limene mtsogoleri akagonja amanyamula katundu wake nachoka. Ena amayankha mowawidwa mtima kuti ufulu sathira m'poto, ndi kuti zaka zoposa 30 za zipani zambiri zangochulukitsa odya popanda kuchulukitsa chakudya. Onsewa ali ndi mboni zawo, ndipo woweruza wolungama satseka khutu limodzi. Chifukwa chake ndifuna tiyambe taona kumene tinachokera, tisanagamule za pamene taima.

Makolo athu sanadziwe bokosi la voti, koma anadziwa kuti mutu umodzi susenza denga. Mfumu ya Achewa sinkadzilonga yokha: amayi a mbumba ndiwo ankaloza woyenera kulowa dzina, nduna zinkakhala naye pabwalo, ndipo mlandu unkakambidwa poyera, pansi pa mtengo, wodandaula ndi wodandaulidwa aliyense ali ndi ankhoswe ake. Ngakhale Kalonga ku Mankhamba, mwini dziko lalikulu la Maravi, ankaopa mawu a Nyangu, ndipo za mvula ankazisiya m'manja mwa Makewana ku Msinja. Mfumu yankhanza anthu ankaithawa usiku, niitsala yokha ndi mabwinja. Sindinena izi kuti ndikometse zakale zonse, pakuti m'masiku omwewo munali mwavi umene unapha osalakwa, munalinso mafumu amene anagulitsa anthu awo kwa ogula akapolo posinthana ndi nsalu ndi mfuti. Ndingofuna kuonetsa kuti nzeru yakuti wolamula ayenera kukhala ndi omudzudzula sinabwere pa sitima, tinali nayo kale m'midzi mwathu.

Chimene chinabwera pa sitima ndi maonekedwe a boma limene tili nalo lero. Angerezi atalengeza ulamuliro wawo mu 1891, anamanga likulu ku Zomba, ndipo mu 1907, chaka chimene dziko linatchedwa Nyasaland, anakhazikitsa bungwe lopanga malamulo limene ndilo gogo wa Nyumba ya Malamulo yathu. Koma taonani amene anakhalamo: bwanamkubwa, akuluakulu a boma lake, ndi azungu ochepa osankhidwa ndi iye mwini, mmodzi wa iwo mmishonale amene ankati ndiye wolankhulira anthu akuda. Eni dziko, amene ankapereka msonkho wa nyumba ndi kulima thangata m'minda ya atsamunda, analibe mpando. Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe anadandaula ndi cholembera, ndipo atasowa womumvera anatenga zida mu Januwale 1915, nafa. Ena anasankha njira ya kudekha: a Levi Mumba ndi anzawo anayambitsa mabungwe a eni dziko kuyambira mu 1912, ndipo mabungwewo anadzalumikizana mu 1944 kukhala Nyasaland African Congress. Panapita zaka zoposa 40 chikhazikitsire bungwe la ku Zomba lija kuti munthu wakuda alowemo, mu 1949, ndipo ngakhale pamenepo anali awiri okha, olozedwa ndi bwanamkubwa.

Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene anatikakamiza mu 1953, ndicho chinadzutsa mtundu wonse. Mu 1956 anyamata ophunzira monga a Masauko Chipembere ndi a Kanyama Chiume analowa m'bungwe lija nayamba kufunsa mafunso amene makoma a ku Zomba anali asanamvepo. Pa 6 Julayi 1958 Dr. Hastings Kamuzu Banda anatera pa Chileka. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa analamula kuti dziko lili pa ngozi, anthu oposa 1,000 anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndipo oposa 50 anaphedwa, ambiri a iwo pa doko la Nkhata Bay. Mu Ogasiti 1961 kunachitika chisankho choyamba chimene eni dziko anaponyamo voti mwachindunji, ngakhale ovota anali ochepa chifukwa cha malire a maphunziro ndi chuma, ndipo chipani cha Malawi Congress chinapambana kotheratu. Apa pali chinthu chimene tiyenera kuchisunga mumtima: atsamunda anatisiyira nyumba ya malamulo, makhoti ndi maofesi a boma, koma anazimanga kuti zizilamula anthu, osati kuti ziziyankha kwa anthu, anatisiyiranso, m'kabati momwemo, malamulo otsekera munthu popanda mlandu. Ndodo imene anatimenya nayo sanapite nayo kwawo.

M'mera mpoyamba, amatero akulu, ndipo m'mera wa ufulu wathu unapindika ukali wanthete. Pa chisankho cha 1964 palibe amene anaponya voti, chifukwa oimira Kongeresi onse analowa popanda wopikisana nawo, otsutsa ataopsezedwa. Mbendera yathu inakwera pa 6 Julayi, koma patangopita miyezi iwiri nduna zinasemphana ndi Dr. Banda pa nkhani ya ndalama ya tiki yolipira ku chipatala, pa za kuchedwa kukweza anthu akuda pa ntchito za boma, pa za ubale ndi Apwitikizi a ku Mozambique, ndiponso, koposa zonse, pa chizolowezi chake chogamula zinthu yekha. A Orton Chirwa, a Chiume, a Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo anachotsedwa; a Yatuta Chisiza, a Willie Chokani ndi a Chipembere anatula pansi maudindo. Nyumba ya Malamulo, imene pa tsiku limenelo ikanakhala nkhoswe yoyanjanitsa mbali ziwirizo, inaimirira niimbira mtsogoleri m'manja. Kuyambira pamenepo njira inali yotsetsereka: mu 1966 chipani chimodzi chinalembedwa m'malamulo, ndipo mu 1971 pulezidenti anakhala wamuyaya.

Chodabwitsa cha zaka zimenezo n'chakuti mabungwe onse analipo. Aphungu ankakumana ku Zomba, oweruza ankavala mikanjo yawo, zisankho zinkachitika. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Phungu ankakhala pampando mwa chifuniro cha munthu mmodzi, ndipo ntchito yake inasanduka kuyamika. Milandu ikuluikulu, kuyambira mu 1969, inapatsidwa ku makhoti a mafumu kumene woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya, ndipo kumeneko ndi kumene a Orton Chirwa ndi akazi awo a Vera anagamulidwa kuti aphedwe mu 1983. A Orton anadzafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Lamulo lolanda katundu linasaukitsa mabanja usiku umodzi, a Mboni za Yehova anathawira m'maiko oyandikana nafe, ndende ya Mikuyu inadzala ndi aphunzitsi ndi olemba, khadi la chipani linkafunsidwa pa chipata cha msika ndi pokwera basi. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, anapezeka atafa ku Thambani m'boma la Mwanza. Anthu anauzidwa kuti inali ngozi ya galimoto, koma kafukufuku amene anachitika ulamulirowo utatha anapeza kuti anachita kuphedwa.

Chilungamo chifuna kuti tinenenso mbali inayo, pakuti okalamba amene amausa moyo pokumbukira masiku a Ngwazi Dr. Banda si onse oiwala kapena ouma mtima. Iwo anaona Yunivesite ya Malawi ikutsegulidwa mu 1965, likulu likusamukira ku Lilongwe mu 1975, msewu wa m'mbali mwa nyanja ukulambulidwa, misika ya ADMARC ikugula mbewu pafupi ndi mudzi, alangizi akuyendera minda, kalaliki wa boma akufika pa ntchito nthawi yake ndi kuopa kukhudza ndalama imene si yake. Anaonanso dziko lili pa mtendere pamene anansi athu a ku Mozambique, pafupifupi miliyoni imodzi, anathawira kuno nkhondo. Zimenezi n'zoona. Koma mwambo umenewo unali womangidwa pa mantha a munthu mmodzi, osati pa lamulo lomanga onse. Chifukwa chake mwini mantha atakalamba, mwambowo unakalamba naye, ndipo atachoka unagwa monga mpanda umene mzati wake wadyedwa ndi chiswe.

Kusintha kunayambira pa guwa. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse, yonena poyera zimene anthu ankanong'onezana m'nyumba zotseka. Pa 6 Epulo a Chakufwa Chihana, otsutsa ulamuliro wa chipani chimodzi, anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Mu Meyi antchito a ku Blantyre ananyanyala ntchito, ndipo maiko othandiza anaimitsa thandizo lawo lambiri. Mipingo, Asilamu, maloya ndi amalonda anapanga bungwe la PAC kuti likambirane ndi boma. Pa 14 Juni 1993 anthu anafunsidwa kusankha pakati pa tambala wakuda wa chipani chimodzi ndi nyali ya zipani zambiri, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu alionse anasankha nyali. Mu Disembala chaka chomwecho asilikali analanda zida za apayoniya, achinyamata a chipani cholamula, nabwerera ku misasa yawo osakhumbira mpando. Pa 17 Meyi 1994 a Bakili Muluzi anapambana ndi mavoti 47 pa 100 alionse, ndipo Dr. Banda, nkhalamba imene inalamula zaka 30, analankhula pa wailesi kuvomera kugonja. Tiyenera kumuwerengera chimenecho, pakuti akanakana, mwazi ukanakhetsedwa.

Malamulo aakulu a dziko amene analembedwa mu 1994 ndi kukhazikitsidwa mu 1995 anali ngati pangano latsopano la anthu otuluka mu ukapolo. Ananena kuti mphamvu zolamula ndi chinthu chosungitsidwa ndi anthu, osati chuma cha wolamula. Anaika malire a nthawi ziwiri za zaka zisanuzisanu kwa pulezidenti. Analemba ufulu wachibadwidwe m'mutu wakewake. Anakhazikitsa ofesi ya Ombudsman, bungwe loona za ufulu wa anthu ndi bungwe lounika malamulo, ndipo posakhalitsa panabadwanso bungwe la ACB lothana ndi ziphuphu. Koma inki isanaume, aphungu anayamba kusadza mtengowo nthambi zimene zinkawatchinga. Gawo 64, limene linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe, linafafanizidwa mu 1995. Nyumba yachiwiri ya Seneti, ya mipando 80, m'mene mukanakhala mafumu ndi oimira amayi, olumala, azipembedzo ndi magulu ena, sinakhalepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo inachotsedwa m'malamulo mu 2001. Wosungitsidwa anayamba wachotsa mphamvu za womusungitsa.

Tsopano timve bwino mboni za oyamika, pakuti umboni wawo ndi wolemera. Pa 4 Julayi 2002 bilu yofuna kuchotsa malire a nthawi ya pulezidenti inafika m'Nyumba ya Malamulo, mipingo ndi mabungwe zitaikana kolimba, ndipo inagwa itaperewera mavoti atatu okha. Kuyesanso kwa mu 2003 kunalephera. Pa 5 Epulo 2012 pulezidenti Bingu wa Mutharika anamwalira mwadzidzidzi, ndipo ngakhale nduna zina zinafuna njira yolambalala wachiwiri wawo amene anali atachotsedwa m'chipani cholamula, malamulo anaima, asilikali anaima pambuyo pa malamulo, ndipo pa 7 Epulo wachiwiriyo, mayi Joyce Banda, analumbira. Mu 2020, pambuyo pa miyezi yambiri ya zionetsero, bwalo la apilo linavomereza chigamulo cha oweruza asanu aja pa 8 Meyi, linatsimikizanso kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka, ndipo pa 23 Juni a Lazarus Chakwera anagonjetsa a Peter Mutharika, amene anali pampando. Pa 16 Sepitembala 2025 anthu omwewo anabwezera a Peter Mutharika pampando, ndipo a Chakwera anavomera kugonja zotsatira zisanalengezedwe. Werengani: atsogoleri anayi okhala pampando, mu 1994, 2014, 2020 ndi 2025, achotsedwa ndi chala cha munthu wamba choviikidwa mu inki. Maiko ochita chotere m'Africa ndi owerengeka, ndipo wonyoza chimenechi sanaonepo nkhondo.

Koma odandaula nawonso ali ndi mboni, ndipo mboni yawo yoyamba ndi Nyumba ya Malamulo yomwe. Gawo 65 limati phungu wochoka m'chipani chimene anasankhidwira n'kulowa china ataye mpando wake. Komabe a Bingu atachoka m'chipani cha UDF mu 2005 ndi kuyambitsa cha DPP, aphungu anakhamukira ku mbali ya boma, ndipo ngakhale bwalo la apilo linanena mu 2007 kuti gawolo ndi lovomerezeka, ziletso za makhoti zinamanga Sipikala manja, otsutsa nawo anagwira bajeti ngati chikole kwa miyezi, anthu akudikira mankhwala ndi makuponi a feteleza. Mu 2012 mtsinje womwewo unatembenuka n'kuyenderera kwa mayi Banda. Madzi saiwala khwawa, ndipo khwawa la ndale zathu limatsikira kumene kuli mpando, chifukwa kumeneko ndi kumene kuli unduna, galimoto ndi makontirakiti. Phungu wotere sangafunse boma mafunso owawa. Ndipo ife omusankha sitimuyesa ndi malamulo amene wapanga kapena ndalama za boma zimene walondola, koma ndi mabokosi a maliro amene wagula ndi fizi imene walipirira ana athu. Tamusandutsa mwini mbumba wa dera lonse, ndipo tidabwa bwanji akamafunafuna pakhomo pamene pali nkhokwe yodzala?

Mboni yachiwiri ndi chuma cha boma. Mu Sepitembala 2013, mkulu woyang'anira bajeti atawomberedwa ndi mfuti pakhomo pake, kunavumbuluka kuti ku Capital Hill ndalama mabiliyoni zinkatuluka kulipira makampani amene sanagulitse boma kanthu, zolembedwa zake n'kufufutidwa m'makompyuta, ndipo mitolo ya ndalama inapezeka m'nyumba ndi m'magalimoto a antchito a malipiro ochepa. Maiko amene ankathandiza bajeti yathu ndi gawo lalikulu anabweza dzanja, ndipo amene analipira ndi mayi woyembekezera wa kumudzi. Ena anamangidwa ndithu, koma boma lililonse lobwera pambuyo pake ladza ndi mbiri yakeyake ya katangale. Bungwe la ACB limalandira mkulu wake kuchokera kwa pulezidenti ndi ndalama zake kuchokera ku boma limene liyenera kulifufuza. Kwa zaka zambiri silinkatha kuzenga mlandu popanda chilolezo cha mkulu wozenga milandu ya boma. Mu Disembala 2022 mkulu wake, mayi Martha Chizuma, anamangidwa m'bandakucha ndi apolisi a boma lomwelo. Mlandu wa mtsogoleri wina wopuma unakhala m'khoti zaka zoposa khumi mpaka unathetsedwa mu 2023 popanda chigamulo, kotero kuti mwini wake sanayeretsedwe ndi bwalo, ndipo mtundu sunamve choonadi. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo makoswe athu anaphunzira kalekale pamene mkhate uli.

Mboni yachitatu ili kumudzi. Buku la Eksodo limasimba za mpongozi wa Mose amene, poona mkamwini wake akuweruza yekha khamu lonse kuyambira m'mawa kufikira madzulo, anamulangiza kuti agawire ena ntchitoyo, akulu a magulu aakulu ndi a magulu aang'ono, kuti iye ndi anthu angalefuke. Ife tinalandira uphungu womwewo mu 1998, pamene tinalemba ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma aang'ono. Koma makhansala osankhidwa mu 2000 atatha nthawi yawo mu 2005, dziko linakhala zaka zisanu ndi zinayi lopanda khansala ndi mmodzi yemwe, kufikira mu 2014. Ngakhale lero makhonsolo amadikira ndalama zochokera ku Lilongwe, zimene zimafika mochedwa ndi moperewera, ndipo thumba la chitukuko cha m'madera lakhala chinthu cholimbirana pakati pa phungu ndi khansala. Mafumu nawo, amene kale anali pakamwa pa anthu awo, amalandira mswahala ku boma, ndipo lamulo la mafumu la 1967 limapatsa pulezidenti mphamvu yowakweza ndi kuwatsitsa. Motero nthawi zambiri taona mafumu olemekezeka akuimikidwa pamaso pa kamera kuti ayamike chimene anthu awo akulira nacho.

Ngakhale makhoti, amene tawatamanda moyenera, ali ndi nkhope ziwiri. Bwalo limene linagamula mlandu wa chisankho m'miyezi isanu ndi itatu ndi lomwelo limene mayi wamasiye wolandidwa munda amalidikira zaka, ndipo m'ndende zathu zothithikana muli anthu ambiri amene akhala nthawi yaitali osaonana ndi woweruza, chifukwa alibe loya. Zipani, zimene ziyenera kukhala sukulu ya demokalase, zambiri zili ngati munda wa munthu mmodzi kapena wa banja limodzi, ndipo amene amazipatsa ndalama za kampeni sadziwika, kufikira tsiku limene adzabwera kudzatenga mangawa awo m'makontirakiti a boma. Pafupifupi pulezidenti aliyense wakangana ndi wachiwiri wake. Wailesi ya boma, yolipiridwa ndi msonkho wa onse, yakhala ikuimbira ng'oma aliyense wolamula. Ndipo pa 20 Julayi 2011, zaka 17 chiyambire ufulu wochita zionetsero, anthu pafupifupi 20 anaphedwa m'misewu, ambiri a iwo ku Mzuzu.

Nanga za kusankhana zigawo? Zoona, mu 1994 Kumpoto kunatsata a Chihana, Pakati Dr. Banda, Kummwera a Muluzi, ndipo chipani cha a Chihana cha AFORD chinatenga mipando yonse 33 ya Kumpoto; zoonanso kuti pansi pa lamulo lakale munthu ankalowa ku nyumba ya boma ndi mavoti 36 okha pa 100, monga zinachitikira mu 2004 ndi mu 2014, nakhala ndi chiyeso chodyetsa a kwawo okha. Koma mu 2009, chimanga chitachuluka, a Bingu anapeza pafupifupi mavoti awiri mwa atatu alionse kuchokera m'zigawo zonse, ndipo mu 2025, mitengo ya zinthu itakwera, mafuta a galimoto ndi ndalama zakunja zitasowa, anthu anatembenuka osayang'ana mtundu wokha. Ichi chitiphunzitsa kuti Mmalawi amathawira ku mtundu wake pamene boma silimulonjeza kanthu kodalirika, koma akaona ntchito ya manja amaiyamika, akaona njala amalanga.

Tikaika zonsezi pa sikelo, chimene ndiona ine ndi ichi. Mabungwe athu ndi olimba pa tsiku lalikulu, ndi ofooka pa masiku wamba. Pa tsiku limene mtsogoleri afuna kudzipatsa nthawi yachitatu, kapena kulanda mpando wa womwalira, kapena kupotoza chisankho, maso a mtundu wonse amakhala pamenepo, mipingo imalankhula, maloya amathamangira kukhoti, achinyamata amadzaza misewu, asilikali amakumbukira lumbiro lawo, ndipo choipacho chimabwerera. Koma kuba kwa mankhwala, kukweza mtengo wa kontirakiti, kulemba ntchito mphwake wa nduna, zimenezi zimachitika Lachiwiri masana, m'chipinda chotseka, pamene ife tonse tabwerera ku minda yathu. Tinaphunzira kusintha mlonda wa nkhokwe, ndipo timamusintha mwamtendere, chinthu chimene makolo athu a 1964 sanachione. Koma nkhokweyo sitinaimate, denga lake likudontha, anankafumbwe ali m'kati, ndipo mlonda watsopano aliyense amapatsidwa makiyi onse monga analili nawo bwanamkubwa wa ku Zomba.

Chifukwa chake sindivomerezana ndi iwo amene, monga ana a Israeli m'chipululu, akumbukira miphika ya ku Aigupto naiwala zikwapu za akapitawo. Dzanja lachitsulo limene amalilakalaka silisankha pogwera, ndipo wopempha wolamula wankhanza amaganiza kuti nkhanzazo zidzagwera mnansi wake yekha. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Njala ya 1949 inatipeza pansi pa atsamunda, umphawi unalipo pansi pa chipani chimodzi, kungoti wonena ankamangidwa. Koma sindivomerezananso ndi iwo amene amakhutira ndi kuyamikiridwa ndi alendo, ngati kuti kuvota mwamtendere ndiko mathero a ulendo, pamene pafupifupi theka la anthu athu lili mu umphawi. Demokalase imene sifika m'mbale ya mwana idzatopetsa eni ake, ndipo anthu otopa amatsata aliyense wowalonjeza njira yachidule.

Walira mvula walira matope. Tinalira ufulu mu 1959 ndi mu 1993, ndipo matope ake ndi ntchito yosatha yoyang'anira olamula. Ntchitoyo ili ndi mbali zodziwika. Mphamvu za pulezidenti zosankha akuluakulu a mabungwe oyang'anira boma zichepetsedwe, ndipo ndalama za ACB, za Ombudsman ndi za mkulu wounika mabuku a boma zitetezedwe ndi lamulo kuti wofufuzidwa asamathe kumana chakudya womufufuza. Gawo 65 ligwire ntchito pa phungu wa mbali iliyonse, ndipo za gawo 64 tikambiranenso mofatsa, tikudziwa kuti likhoza kusanduka chida cha olephera chisankho ngati silimangidwa bwino. Lamulo la zipani la 2018, loletsa kugawa ndalama ndi mphatso pokopa mavoti, lisakhale la m'buku mokha. Ndalama za chitukuko zitsikire ku makhonsolo pa nthawi yake, ndipo lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, tiligwiritse ntchito ife eni, pakuti khasu losalimira limachita dzimbiri.

Ndipo inu owerenga, amene munaima pa mzere dzuwa likuswa mtengo kuti muponye voti, musayese kuti udindo wanu unatha pamene inki inauma pa chala. Pitani ku msonkhano wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi mwanu, funsani kuti ndalama za mjigo zinali zingati ndipo zinapita kuti, khalani nawo m'komiti ya sukulu ndi ya chipatala, kanani kandalama ka pa kampeni kamene kamagula zaka zanu zisanu ndi mtengo wa paketi ya shuga, ndipo phungu akabwera mumufunse za malamulo ndi bajeti musanamufunse za bokosi la maliro. Amene anafera pa Nkhata Bay, ku Thambani ndi ku Mzuzu anatigulira ufulu wosankha mlonda. Kumata nkhokwe anatisiyira ife, ndipo palibe mlendo kapena mtsogoleri amene adzatimatire.